Njovu za Dona Adelaide

Semu ankadziwa njovu kuposa momwe ankadziwira abale ake. Akangogunda ndowe ndi chala cha kuphazi, ankakuuzani kuti zadutsa liti, zilipo zingati, ndipo zikulowera kuti. Dera lonse la Mualadzi linalibe mlenje wina womuposa. Ndiye tangoganizani munthu wotereyu kuyenda tsiku lathunthu akudzipusitsa dala, ngati sanaonepo phazi la njovu chibadwire.

Chinali chaka cha 1971, mvula ili kumapeto, chimanga chili chachiwisi m'minda. Nkhondo inali italowa kale m'nkhalango, ndipo Apwitikizi anali atasonkhanitsa anthu m'mudzi wozingidwa ndi waya kuti asamadyetse ankhondo a ufulu. Tsiku limene magalimoto anabwera kudzatuta anthu, asilikali anamugwira Semu panjira. Mkazi wake Falesi anali kumunda, ndipo atamva phokoso anathawira kuthengo ndi ana awo awiri. Kumeneko anamanga kanyumba kuseri kwa phiri, pafupi ndi dambo, n'kulima kamunda pakati pa mitengo. Semu ankawazembera kamodzi pamwezi ndi mchere m'thumba, poti anali ndi kalata yomulola kutuluka pawaya kukasakira asilikali nyama. Asilikaliwo akanangodziwa za kanyumbako, akanakatentha, ndipo za anthu opezeka kuthengo masiku amenewo sitinena.

Vuto linali limodzi: njovu nazo zinkakonda dambo lomwelo.

Tsono Sinyoro Rogério, mzungu wa sitolo imene ankaitcha kantina, analandira mkazi wake Dona Adelaide kuchokera ku Beira, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi Vitória. Mayiyo anangofika n'kunena kuti sabwerera asanaone njovu. Anthu akugona ndi njala kuseri kwa waya, misewu ili ndi mabomba, iye akufuna njovu. Koma mkazi wa mwini kantina sakanizidwa, makamaka ngati mkulu wa asilikali amamwera vinyo pakhonde pake. Mkuluyo anawapatsa galimoto, asilikali asanu, ndi kabu wawo, ndiye kuti kopolo, wotchedwa Castigo, munthu wakuda wochokera kunsi kwa Zambezi, wosayankhulayankhula.

"Iwe Semu, lero njovu," anatero Rogério m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Pafupi. Dona afuna foto."

Semu anayankha momutchula bwana m'Chipwitikizi: "Tikayesa, patarau. Koma nyama ilibe pangano."

Galimoto sinapite patali. Inatitimira m'matope pakamtsinje koyamba, ndipo anthu anaikankha mpaka malaya kusanduka dothi, koma ayi ndithu. Anaisiya ndi woyendetsa, nauyamba wapansi. Semu anatenga njira ya kumwera, kutali ndi phiri, mumtima akuti: ndiwayendetsa mpaka atope okha.

Ndipo nkhalango inamuthandiza. Udzu unali wautali kuposa munthu, wonyowa, wocheka m'miyendo. Kashembe ankaluma kudutsa nsalu. Dona Adelaide anabwera atavala nsapato zoyera za kutchalitchi, ndipo imodzi inatsala m'chithaphwi, msilikali n'kuchita kuivuula ndi mpeni wa pamfuti. Mayiyo atakhala pansi kuti aivale, anakhalira pamzere wa linthumbwi. Anadzuka akuvina gule amene sanaphunzire, uku akutukwana mwamuna wake m'Chipwitikizi, asilikali atayang'ana kumbali kubisa mano. Patsogolo pang'ono Vitória anaona zitheba zokongola zaubweya zikulendewera, ndipo Semu asanatsegule pakamwa anali atazigwira kale. Chinali chitedze. Mwanayo analira akudzikanda kwa ola lathunthu.

Nyama zimene anaona zinali anyani atatu, fulu mmodzi, ndi mchira wa gwape ukulowa patchire.

Semu anayembekeza kuti apa ndiye abwerera. Koma anthu ena akavutika m'pamene amauma mutu. Dona Adelaide anati wavutika kale kwambiri, sangabwerere wopanda kanthu. Rogério nkhope inali itafiira ngati phwetekere.

"Amati iwe mlenje wamkulu," anatero, akumuloza ndi chala pamphuno. "Bodza. Iwe sudziwa kanthu. Mwana wanga adziwa thengo kuposa iwe."

Mawu amenewa anamuwawa Semu mpaka m'mafupa. Munthu wosadziwa kusiyanitsa ndowe za njati ndi za ng'ombe, lero akumuphunzitsa thengo. Anayang'ana pansi.

"Pepani, patarau. Mvula yafafaniza mapazi."

Koma tsoka silinunkha. Dzuwa litapendeka, akuzungulira kuti abwerere kugalimoto, Rogério yemweyo anaponda ndowe zofunda mpaka mu akakolo. Ngakhale mwana akanadziwa kuti mwini wake sali patali. Nthambi zinali zothyoka kumene, utomoni ukuchucha, ndipo mkwasa wonse unkaloza kumpoto, kuphiri.

"Tsata," anatero Rogério. "Ukapanda kupeza, kalata yako nding'ambitsa lero. Sutulukanso pawaya."

Semu anatsata. Akanatani? Kalata ikang'ambika, Falesi ndi ana atsala opanda mchere, opanda wowauza kumene asilikali akuyenda. Koma phazi lililonse linkamufikitsa pafupi ndi phiri. Atamva kuthyoka kwa mitengo kutsogolo, anadziwa kuti gululo lili pamtunda wosakwana kuyenda kwa theka la ola kuchokera pamunda wa mkazi wake. Kuwafikitsa alendowo pamenepo kunali kuwaonetsa tinjira ta anthu, mitengo yodula ndi nkhwangwa, mwinanso utsi.

Mlenje aliyense amayenda ndi phulusa m'kansalu. Ukaligwedeza, limakuuza kumene mphepo ikulowera, ndipo iwe umayenda mphepoyo ikukuomba kumaso, kuti nyama isamve fungo lako. Semu anatulutsa kansalu kake, nagwedeza, naona phulusa likuuluka. Kenaka anachita chimene bambo ake akanamukwapulira: anazungulira gulu lonse la anthu mpaka mphepo inawaomba kumsana. Anthu khumi, thukuta, fodya, mafuta a mfuti, ndi mafuta onunkhira a Dona Adelaide, zonsezo anazitumiza kwa njovu. Ankadziwa khalidwe la gulu limeneli. Likadzidzimuka limathawira kumadzulo, n'kuoloka mtsinje, osaonekanso kwa sabata.

Kutsogolo kunati zii. Kenaka njovu yaikazi inalira kamodzi, nthaka n'kuyamba kunjenjemera.

"Zathawa, patarau," anatero Semu, akuyesa kuoneka wachisoni. "Mphepo yatembenuka."

Koma khutu lake linali kale likumuuza zina. Phokoso silinkapita kumadzulo. Anali ataiwala, mlenje wamkulu uja, kuti mtsinje unali wodzaza ndi mvula ya sabata yonse, ndiponso kuti potsata mkwasa uja anaona timapazi ta mwana wa njovu wosakwana mwezi. Mayi wanji angalowetse khanda m'madzi osefukira? Gulu lonse linakhotera kuphiri.

Anaima chilili. Mumtima ankangoti: Falesi, tenga ana, thawa, usachite kanthu, chisiye chimangacho.

Koma ndi mlimi uti amene angaonerere njovu zikulowa m'munda wake chimanga chitakhwima? Kuseri kwa phiri kunamveka chitini. Nge, nge, nge, nge. Mawu ake anadutsa nkhalango yonse bwinobwino, ndipo pambuyo pake panamveka timawu ta ana tikukuwa. Chitinicho anapititsa yekha Semu mwezi wathawo, n'kumuuza mkazi wake kuti zikabwera amenye ndi mphamvu zake zonse.

Falesi anamenyadi. Njovu zinabwerera m'mbuyo, ndipo posowa kolowera zinatulukira pabwalo la udzu waufupi, pamaso penipeni pa alendo. Zinali khumi ndi zinayi. Zinadutsa mondondozana, makutu ali tambasu, khanda likuthamanga pakati pa miyendo ya amake. Dona Adelaide anagwira pakamwa, misozi ikutsika. Vitória anaiwala kuyabwa. Rogério anajambula mpaka filimu kutha, kenaka anakumbatira Semu ndi matope ake omwe.

"Mlenje wamkulu! Iwe wadziwa zidzera pano, eti? Wochenjera iwe."

Anamupatsa paketi yathunthu ya ndudu. Semu anailandira ndi manja awiri, nathokoza. Anayang'ana nkhope za azunguwo mmodzimmodzi, ndipo anaona kuti chitini chija sanachimve n'komwe, kapena anachiyesa mbalame. Mtima unayamba kutsika pang'ono.

Pobwerera banja lija linali patsogolo, likuseka, likukumbutsana za linthumbwi ngati inali nthabwala. Semu anatsalira m'mbuyo. Posakhalitsa anamva nsapato zolemera pambali pake. Anali Kabu Castigo, amene tsiku lonse sananene mawu opitirira atatu.

"Madala," anatero motsitsa mawu, "kwathu nafenso timalima. Chitini ndimachidziwa."

Semu anachepetsa liwiro, ndipo Castigo anapitiriza.

"Ndikanakhala ndekha, ndikanati ndi mbalame. Koma anyamata anga asanu amva, ndipo awiri mwa iwo amakonda kuyankhula ndi akuluakulu. Ndikakhala chete ine, mawa ndili m'ndende."

"Ndi mkazi ndi ana basi," anatero Semu. Mawu anatuluka okha, ouma. "Alibe mfuti. Alibe kanthu. Ndiloleni ndipatuke pano, ndikawauze. Munena kuti ndinakuzembani."

Castigo anayang'ana kutsogolo. Msilikali mmodzi anali atatembenuka kale, akuwayang'ana, mfuti ili m'manja.

"Mwachedwa, madala. Mukanapatuka njovu zikudutsa." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Lero mugona kukampu, kuti tisakusoweni. Mawa m'mawa mutitsogolera."

Atafika pagalimoto anapeza woyendetsa ataitulutsa m'matope, poti dzuwa linali litawaumitsako. Dona Adelaide anaumirira kuti mlenje asakwere kumbuyo ndi asilikali, akhale kutsogolo pampando wofewa, poti wagwira ntchito yabwino. Semu anakwera, nakhala pakati pa woyendetsa ndi Rogério, ndudu zili pamiyendo. Chitseko chinatsekedwa.