Kamuvi Kogawira

Kunyumba ankamutcha Kabatani, chifukwa anali wamng'ono thupi, wozungulira nkhope, ndipo sankayankhula pokhapokha wina atachita kumukoka. Atamaliza mayeso, bambo ake, omwe anali telala, anamutengera kushopu kuti azisokerera mabatani ndi kusita makolala m'malo mongokhala pakhomo n'kumakanda foni.

M'shopumo ankakhalamo atatu, ukawerengera Adona. Adona anali chidole choyesera madiresi. Analibe mutu, analibe manja, anali ndi mwendo umodzi wachitsulo wokhala ndi timatayala, ndipo pachifuwa pawo panali mapini okhaokha.

Msewu wonse unkadziwa kuti atelala saseka. Kasitomala akanena nthabwala, iwo ankangomuuza kuti akweze mkono amuyeze. Koma masana, kunja kukati zii, wailesi ikaika kanyimbo kena kakale ka gitala, bambowo ankachotsa mapini pamlomo, n'kukoka katani, n'kuwerama pamaso pa Adona mwaulemu, kenako n'kuwagwira m'chiuno. Ankavina zenizeni, tepi yoyezera ikuuluka m'khosi, Adona akulira timatayala kuchokera pa makina mpaka patebulo lodulira nsalu.

Ndi Kabatani yekha amene ankaona zimenezi. Tsiku loyamba bambo ake anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Iwe si wapakamwa." Mawu amenewo mtsikanayo anawasunga mumtima kuposa satifiketi yake. Azichimwene ake anali ndi mpira ndi phokoso, iye anali ndi kuvina kwa bambo.

Koma tsiku lina chala chinamuyabwa. Anaimika foni kuseri kwa bokosi la ulusi n'kujambula. Sankafuna kuonetsa munthu, ankangofuna kumaonera yekha. Mwatsoka vidiyoyo inatuluka yokoma kwambiri: pakati pa nyimbo tayala linakodwa m'kansalu, Adona anapendekeka, bambo anawawakha m'malere n'kuwafunsa ndi mawu ofewa kuti, "Pepani Adona, mwapweteka?"

Loweruka m'mawa amayi ake anamupeza akuseka yekha pamene ankatsuka mbale, foni itatsamira botolo la sopo. Asanapukute n'komwe m'manja, foni inali kale m'manja mwa amayi. Anaonera, n'kubwereza, n'kubwerezanso, nkhope osasintha.

"Ndiye mkazi mnzanga ndi ameneyu?" anatero. Anawonjeza kuti chikwatirireni bambowo sanavinepo nawo, nthawi zonse amati bondo likuwawa, kani bondolo limachira likaona chidole.

Kabatani anawachonderera kuti vidiyoyo ithe bambo asanadziwe, chifukwa akadziwa sadzavinanso iye ali pomwepo. Amayi anagwedeza mutu ngati amva chisoni. Kenako analoza pakona pa foni n'kufunsa kuti kamuvi kopindikako n'kachiyani. Iye anayankha kuti n'kogawira.

"Chabwino. Pita ukayanike zovala, ndiithetsa ndekha."

Pobwera kuchingwe anapeza foni ikunjenjemera patebulo ngati yagwidwa ndi malungo, amayi atakhala phee akusenda anyezi.

"Ndagawa yonse," anatero. "Azakhali ako ndawapatsa, amayi a kukwaya ndawapatsa, wometa wa pafupi ndi shopu uja naye ndamugawirako. Yatha basi."

Kabatani anatola foniyo patebulo. Anayesa kufotokoza kuti za pa foni sizitha ukagawa, zimachita kuchuluka. Amayi anamuyang'ana modabwa n'kumufunsa kuti chiyambire liti. Shuga akagawira aneba amatha, sopo amatha, ngakhale malaya a bambo ake anatha ndi kugawa komweko. Ngati a foniwo ankatanthauza kuchulukitsa, bwanji sanalembe choncho? Iwo sukulu sanapite nayo patali, anatero, asawaimbe mlandu.

Mtsikanayo anatsala pang'ono kukhulupirira. Koma atatsegula foni anaona kuti pansi pa vidiyoyo, kwa aliyense, panalembedwa kuti "Onani mkazi mnzanga", ndi tinkhope toseka mpaka misozi. Anayang'ana amayi ake. Amayi anali kalikiliki ndi anyezi.

Lolemba msewu wonse unali utaonera. Wometa wa khomo loyandikana anapatsa atelala moni, kenako anafunsa ngati Adona adzuka bwino. Wosoka nsapato anawadutsa akuvina ndi tsache, akulipepesa. Mayi wina analowa m'shopu opanda nsalu iliyonse, akuti angofuna ajambulitse ndi Adona.

Bambo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangotembenuzira Adona kukhoma, ngakhale analibe nkhope yoti n'kubisa, n'kukhala pa makina. Masana kanyimbo kaja katayamba, anatambasula dzanja n'kutsitsa wailesi. Kabatani anatsegula pakamwa kuti apepese, koma bambo ake, osadzutsa mutu, anangoti, "Mabatani." Tsiku limenelo Kabatani anasokerera mabatani a malaya a kasitomala wina kunkhongo kwa nsalu, n'kuyambiranso.

Zinakhala choncho sabata yonse. Makasitomala anachuluka ndithu, koma m'shopumo munali ngati m'chipinda chodikirira dokotala.

Lachisanu masana amayi anatulukira ndi chakudya m'kontena, zomwe sankachita kawirikawiri. Anali atavala diresi yobiriwira imene bambo anawasokera kalekale, yothina pang'ono m'mikono tsopano. Anakhala pa mpando wa makasitomala n'kumacheza za mtengo wa tomato, diso lili pa wailesi. Gitala uja atangolira, bambo anatambasula dzanja, koma amayi anawapambana changu. Anakweza wailesi, anakoka katani, anakankhira Adona pakona ndi phazi, n'kuima pamalo pawo, manja m'chiuno.

"Ine mutu ndili nawo, miyendo ndili nayo iwiri," anatero. "Za bondo musandiuze, dziko lonse laona kuti linachira."

Bambo anayang'ana kudenga. Anayang'ana katani. Kenako anayamba kuchotsa mapini pamlomo, imodziimodzi, n'kumabaya pa kapilo. Atatha anatembenukira kwa Kabatani. Iye anaganiza kuti auzidwa kuti akadikire panja. Mwamsanga anatsegula dirowa, anaponyamo foni n'kutseka, n'kuika manja onse awiri pamwamba pa tebulo kuti aoneke.

"Tulutsa," anatero bambo ake.

Iye anayang'ana bambo ake, kenako dirowa ija.

"Ndati tulutsa. Vidiyo yako ija unandidula miyendo. Munthu wojambula wanji iwe? Kuvina kuli kumapazi, anthu angoona mimba yokhayokha. Imirira apo, ubwerere m'mbuyo pang'ono."

Kabatani anaimirira, foni ili m'manja, akudziletsa kuseka. Bambo anawerama pamaso pa amayi monga ankachitira ndi Adona, n'kuwagwira m'chiuno mosamala, ngati akuopa mapini.

"Koma ukamaliza," anawonjeza, akuyamba kuponya phazi, "amayi akowa usawaonetse kamuvi."

"Kamuvi kake kati?" anafunsa amayi, akuyang'ana mu foni n'kukonza kolala.