Bere la Dona

Galuyo ankatchedwa Dona, ndipo dzinalo silinali lamasewera. M'nyumba imeneyo dona anali iyeyo basi. Mkazi wa mwini nyumba anali womuphikira, womusambitsa ndi wokolopa pamene wadutsa.

Mwamunayo ankagulitsa matayala m'sitolo ya eni ake, koma ukatswiri wa agalu anadzipatsa yekha atangowerenga tinkhani ta pafoni. Kuchokera tsiku limene anapita ndi Dona kwa mnzake wa galu wamphongo wamtundu wabwino, ngakhale kayendedwe kake kanasintha. Ankaponda pansi ngati munthu amene wakwatitsa mwana wake kwa nduna.

"Watenga bere ameneyu," anatero m'mawa wina atanjuta pakhomo la kukhitchini. "Ine sindichita kuuzidwa. Taonani mmene akugonera. Chakudya cham'mawa akuchikana, dzulo wasanza. Zinthu izi zimafuna munthu wa maso."

Mkazi wake anali atangotuluka kubafa, kumene anasanza mpaka misozi. Tiyi wake anali atazizira patebulo osamulawa. Anapukuta pakamwa, n'kumuyang'ana munthu wa masoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Nayenso anali woyembekezera. Kuchipatala anapita yekha, ndipo namwino sanapite m'mbali: popeza mimba yoyamba inachoka, inoyi aisamale kwambiri. Asanyamule zolemera, ndipo mankhwala a nkhupakupa osambitsira galu asawayandikire n'komwe. Anabwerera kunyumba nkhaniyo ili pamilomo, koma anapeza mwamuna wake atagwada pabalaza, akuyeza mimba ya Dona ndi tepi ya telala. Mawu aja anawameza. Mumtima anati chabwino, poti maso ali nawo, aone yekha.

Sanaone. M'malo mwake kunabwera malamulo. Dona asagonenso pasimenti, choncho khushoni ya pasofa inatsikira pansi. Dona azidya chiwindi chowiritsa ndi mazira. Wophika chiwindicho anali yemweyo amene fungo la chiwindicho linkamuchititsa nseru. Ankaima patali ndi sitovu atamanga duku pamphuno, n'kumavundula ndi dzanja lotambasula.

"Chimfine?" mwamunayo anafunsa tsiku lina, maso ali pafoni. "Muzisamala, mungampatsire Dona."

Mkaziyo sankadana naye galuyo ayi. Chinyama chinalakwa chiyani? Ndipotu masiku amenewo Dona ndiye ankamulondola ponseponse. Akalowa kubafa, ankamudikira pakhomo. Akakhala pansi kuti apumeko, Dona ankasiya khushoni yake ija, n'kudzatsamiritsa mutu pamimba pake, duu. M'nyumba yonseyo amene anaona kanthu anali wamiyendo inayi.

Loweruka, tsiku limene dokotala wa ziweto ankayembekezeka, mwamunayo anadzaza beseni lalikulu n'kuthiramo mankhwala aja. Madzi anayera ngati mkaka, fungo linakwana nyumba yonse.

"Mumunyamule bwinobwino, asadumphire yekha. Pa msinkhu uwu bere silichedwa kuchoka."

"Zoti silichedwa kuchoka mukuzidziwa, bambo?"

"Ndinawerenga."

"Ndiye munyamuleni nokha. Ine sindikhudza madzi amenewo."

Mwamunayo anatsonya. Anavula malaya akung'ung'udza za ulesi wa akazi amasiku ano, ndipo ntchito imene mkazi wake ankaigwira mwakachetechete anaigwira ndi phokoso la anthu asanu. Anatulukamo atanyowa kuposa galu.

Dokotala uja anali mayi wosachulutsa mawu. Anagoneka Dona pakhonde, n'kumumeta pang'ono pamimba, n'kuyendetsapo kamakina kounikira. Mwamunayo anali ataweramira paphewa pake akufotokoza zizindikiro zonse, ngati kuti dokotalayo wabwera kudzaphunzira. Anawonjezera kuti ana awiri a Dona anawalonjeza kale kwa abwana ake akusitolo.

"Mulibe kanthu umu," anatero dokotala akupukuta kamakinako.

"Taunikaninso. Mawere atupa awa."

"Zimachitika. Thupi la galu nthawi zina limadzinamiza lokha. Mawere amatupa, chakudya amakana, koma mwana mulibe. Kunenepaku ndi kwa chiwindi chanu. Muchepetse."

Dokotala atapita, katswiri uja anakhala pasitepe atagwira mutu. Anakhala choncho nthawi yaitali, mapewa atagwa. Tsiku limene mimba yoyamba ya mkazi wake inachoka sanakhale choncho. Anamuperekeza kuchipatala, n'kuthamangira kusitolo chifukwa kunkabwera katundu. Mkaziyo anakumbukira zimenezo ndipo zinamuwawa. Komabe kachifundo kenakake kopusa kanamugwira. Anaganiza kuti munthuyu akulira mwana amene kulibe, pamene weniweni ali pafupi naye pomwepa. Anatsika n'kukhala naye pasitepepo.

"Bambo, musadandaule kwambiri. Ine ndili ndi pakati."

Mwamunayo anatukula mutu. Anamuyang'ana kumaso, kenako pamimba, ndi diso lomwe lija loyezera Dona.

"Inu?"

"Ine."

"Koma sizikuoneka." Anakanda chibwano mwaukatswiri. "Musathamange nazo, mayi. Mwamva nokha zimene anena adokotalawa. Thupi limanama."

Kachifundo kaja kanathera pomwepo. Mkaziyo sanakwiye mokweza mawu, sanalire. Anangomuona bwinobwino mwamuna amene anakwatiwa naye: munthu wa buluku lonyowa, wonunkha mankhwala a nkhupakupa, wodziwa zonse. Anaimirira pang'onopang'ono monga mmene namwino anamulangizira, n'kulowa kuchipinda. Anatenga chikwama chaching'ono, choti sichingamulemere, n'kuimbira mkulu wake kuti amukonzere pogona.

Mkaziyo atafika pageti, mwamunayo anadzidzimuka.

"Mukupita kuti? Dona sanadye."

"Chiwindi chili mufiriji. Poto mumuona nokha, si maso muli nawo."

Anatseka geti. Dona anathamangira pomwepo, n'kulowetsa mphuno pakati pa zitsulo, akulira chapansipansi. Mwamunayo anamuitana, n'kumuitananso, koma galuyo sanacheuke.