Nsimbi Yolemba Yokha

Pali chinthu chimodzi chimene Kachete anali asanauze munthu: mizere yakuda imene inatulukira kumsana kwa malaya oyera a bambo ake anaijambula ndi iyeyo.

Dzina la Kachete anam'patsa kusukulu, poti tsiku linkatha osamva mawu ake. Koma manja okha sankakhala chete. Mtsikanayu ankafuna kudzipangira kabolodi ka wailesi, ndipo njira yake ankaidziwa: usindikize mizere yodutsa magetsi papepala loterera, uligoneke chafufumimba pakabolodi ka chitsulo cha kopa, usite ndi nsimbi yotentha mpaka inki imatirire pakopapo. Tsikulo, pomva mapazi a mayi ake pakhonde, anapupuluma n'kugoneka pepalalo chagada. Inki yonse inamatirira kunsi kwa nsimbi. Anangoibwezera pamalo pake, phee.

M'mawa mwake bambo anasita malaya ali pachangu, magalasi osavala, n'kupita nawo kuntchito. Anabwerako atafufuma. Akuti anzawo ankawalondola pambuyo n'kumafunsa ngati amenewo ndi mapu a kwawo.

Anakuwa bambo ataloza Kachete: "Ndi mmisiri wa nsimbi uja ameneyu! Waikonza sabata yathayi, lero yayamba kulemba yokha. Iwe, nyamula nsimbiyo tizipita. Akandiona."

Kachete ananyamula nsimbiyo monyinyirika. Mmisiriyo ndi amene ankam'sungira zidutswa za kopa. Bambo akakangana naye, Kachete sadzapondaponso pashopu ya mmisiriyo.

Mushopumo munali mawailesi otumbulidwa mimba okhaokha. Bambo anakalipa mpaka mpweya kuwathera. Mmisiri anatenga malaya aja kwa bambo. Anayala malayawo patebulo n'kuyamba kutsatira mizere ija ndi nsonga ya sikuludiraiva.

"Achimwene, nsimbi yanuyi sukulu inapita nayo patali kuposa ine ndi inu. Iyitu ndi wailesi."

"Musandiseweretse, amisiri. Ndine munthu wamkulu."

"Zoonatu. Kungoti ndi wailesi ya mbuli. Taonani mzere uwu: wachoka pabatire bwinobwino, wafika apa, wangoima njii ngati bulu wokana katundu. Imeneyi singalire ngakhale muisalire kudya."

Makutu a Kachete anatentha. Masabata atatu athunthu akujambula, kufufuta, kujambulanso, lero akuti mbuli? Anayesa kumeza mawuwo, koma anatuluka okha.

"Sunaime," anatero Kachete, mawu ake ngati a udzudzu. "Wadukira pamsoko wa malayawo. Papepala unafika."

Mmisiri anayang'ana kudenga, milomo ikunjenjemera ndi phwete. Bambo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Pepala lake liti?"

Kachete anaika nsimbi ija patebulo, poopa kuti ingam'pulumuke n'kugwera phazi la munthu.

"Langa, ababa. Ndinaligoneka chagada. Amisiri alibe mlandu, nsimbinso ilibe mlandu. Wailesi mwayenda nayo kumsanayo ndinajambula ndine."