Ndani Awakhe a Kuramochi?

Masiku amene Kuramochi ankasewera besibolo, masewero omenya mpira ndi ndodo, ali wowakha mipira kumapeto kwa bwalo, mpira sunkakhudza udzu iye ali pafupi. Koma tsiku loti atsanzike kunagwa chimvula, masewero n'kulephereka, ndipo anzake sanamuponye m'mwamba n'kumuwakha, monga amachitira ndi munthu amene akusiya kusewera. Zinamuwawa. Zinkamuwawabe ngakhale atakhala kochi, imvi zili mbuu, mimba itatsogola.

Tsono linafika tsiku lake lomaliza pa ukochi, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Kuponyedwa ankakufuna ndi mtima wonse. Chomuopsa chinali chimodzi: omuwakha anali anyamata ake omwe, ndipo iye ankawadziwa bwino.

Makamaka awiri, Shimabukuro ndi Nagase, ochokera sukulu imodzi, Nagase ali wa kalasi yam'mbuyo. Ulemu wawo, abale, unali matenda. Mpira ukamatsika pakati pawo, Nagase ankaima kusiyira mkulu, mkulu n'kuimanso kuti asalande za mwana, mpira phi! pansi, iwo akuyang'anana ngati odzaonana za ukwati.

"M'kamwamo muli mpunga?" ankakalipa Kuramochi. "Kuwani kuti 'Wanga!' Ulemuwo muzikachitira apongozi anu!"

Chaka chonse anawaphunzitsa, koma zinkangolowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Masewero atatha, timu yonse inamuzungulira, anthu m'mipando akuimba dzina lake. Atamunyamula, anamva awiri aja akukambirana kunsi kwa msana wake, mokweza dala.

"Achimwene, katunduyu ngwanu. Ndinu aakulu."

"Ayi mphwanga, ine msana. Iwe ndiwe wa magazi atsopano."

"Sindingayerekeze kukulandani, achimwene. Komanso akochiwa adya mbale ziwiri za rameni."

"Ana a njoka inu!" anakuwa Kuramochi, koma mochedwa. Anali kale m'malere.

Koyamba anatera pamanja ambiri. Kachiwirinso chimodzimodzi, ndipo anayamba kumva kukoma. Kachitatu anamuponya kutali zedi, chipewa chinauluka. Atasuzumira pansi, anaona zoopsa. Ena onse anali atafutuka pang'ono, akuseka. Panatsala awiri aja, akuweramirana mwaulemu, pakati pawo pali mpata wokwana ndendende nkhalamba imodzi.

"Wina akuwe!" analira Kuramochi, miyendo ikupalasa mphepo.

"Wanga!"

"Wanga!"

Onse awiri analumphira pakati nthawi imodzi. Mitu inagundana kuti gu! Manja a anzawo anabwerera msanga, komabe gulu lonse linagwa mulu, Kuramochi ali pamwamba ngati thumba la mpunga.

Anagona chagada, akupuma mwa befu, misozi ikulowa m'makutu. Anasangalala mpaka manyazi anamuthawa.

"Zitsiru inu," anatero Kuramochi. "Chaka chonse chete, kudzakuwa lero, ndiye onse awiri?"

Pansi pa muluwo panamveka mawu a Nagase, otsamwa.

"Komatu akochi, simunakhudze udzu."