Mphamvu Zogula pa Nkando

Pikapu ya Jailos inayamba ulesi chaka cha chilala cha 1992. Ikasenza zinanazi zopita ku Limbe n'kufika pa chitunda, inkangobuula, anthu a njinga n'kumaipitirira akuseka. Ogula a ku Limbe anali atamuchenjeza kale kuti akapitiriza kufika dzuwa lili paliwombo apeza wina. Jailos ankadziwa bwino kuti galimoto ikamuthera, chomudikira ndi dengu lothyolera tiyi limene analithawa ku esiteti, ndipo dengulo ankadana nalo koopsa.

Galimotoyo anaigula yotheratu, mzungu wa ku esiteti atatopa nayo. Inali ya dizilo, yokhala ndi tebo, kachipangizo ka timapiko kamene kamazungulira mwaliwiro kukankhira mpweya mu injini. Katswiri wa tebo analipo pamudzi pomwepo, koma tsoka lake anali mlamu wake Lenard, makaniko wa ku esiteti, mchimwene wa mkazi wake Edna. Awiriwa sankamwerana madzi. Lenard sankatopa kukumbutsa Jailos kuti ndi mkamwini, wobwera ndi chikwama chokha.

Lamulungu lina, pochokera ku tchalitchi ku Mishoni, Lenard anatsegula boneti popanda womutuma.

"Injiniyi ilibe matenda, matenda ali ndi mwini wake," anatero. "Fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, gulani ina. Ya dizilonso chimodzimodzi. Paipi iyi yochokera ku tebo yang'ambika, mphamvu zikuthawira apa. Oyilo wada ngati phula. Mukafika paulendo, injini muziisiya ilire pang'ono tebo izizire, osangothimitsa. Zonsezi sizifika mtengo wa tayala limodzi. Koma nanga wothyola tiyi angazidziwire kuti?"

Mawu omalizawo anafufuta onse oyamba aja.

"Alamu, ine ndinakwatira mlongo wanu, osati inu," anayankha Jailos. "Tsekani boneti."

M'mawa mwake anapita pa Nkando kwa Filipo, wothawa nkhondo ku Mozambiki amene ankakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango. Filipo anali ndi pakamwa pa uchi.

"Patrau, bwana wanga, galimoto yanu ikubanika. Munthu angathamange atamumanga nsanza kumphuno? Fyulutayi tichotse ipume bwino. Kenaka tipotokole kasikuluwu ka pampu ya dizilo, izimwa dizilo wambiri. Osagula kanthu, mungondipatsa ya sopo."

Tisaname, mphamvu zinabweradi. Pikapu inayamba kukwera zitunda ngati mbuzi, ikulavula utsi wakuda bii. Ku Limbe Jailos ankafika msika usanadzaze. Madzulo ankadutsa dala pakhomo pa Lenard n'kuponda mafuta, utsi wonse n'kuthera pa zovala zoyanika.

"Bambo a Rosie," anatero Edna tsiku lina, "achimwene akuti msewu wa Midima wopita ku Limbewu ndi fumbi lokhalokha. Akuti tebo ikudya mchenga."

"Achimwene akowo akafune galimoto yawo. Iyi ndi yanga."

Sipanathe mwezi. Tsiku lina atangodutsa Nkando, kutsogolo kunayamba kulira likhweru lachilendo. Utsi unasanduka wotuwa. Kenaka injini inayamba kudzithamangira yokha, phazi lili pambali. Jailos anaima, nazula kiyi, koma injini inkangokuwabe, kiyi ali m'manja. Amayi eni zinanazi amene anakwera nawo anadumpha m'galimoto n'kuthawira m'munda wa nandolo. Panamveka kuphulika, kenaka zii. Oyilo anayenderera pa fumbi, ndipo Jailos anakhala pansi m'mbali mwa msewu.

Edna ndi amene anakagwada kwa mchimwene wake. Lenard anabwera ndi thirakitala, naikokera galimoto kumudzi, namasula tebo anthu akuonerera.

"Gwirani apa," Lenard anauza Jailos. Timapiko tija tinali titaperepeseka ngati chikwanje chakale. "Fumbi ladya izi. Dizilo wochuluka watenthetsa zotsalazo. Tebo itayamba kutaya oyilo, injini inayamba kumwa oyilo wake womwe, n'chifukwa chake kiyi sanaimve. Zam'katimu zasweka zonse. Ndinanena ine."

"Munanena, inde," anatero Edna, maso ali gwa. "Koma inunso achimwene, mankhwala mumapereka mutathira chipongwe. Ndani angamwe? Mwapambana, sangalalani. Amene agone ndi njala ndi ana a mlongo wanu."

Lenard anapukuta manja n'kuchoka. Filipo atafunsidwa anangoti galimotoyo inali yakale kale.

Zinanazi za nyengo imeneyo ananyamula ndi munthu wina wa pa Chitakale. Mvula itagwa, tiyi ataphukira, Jailos anakaima pa mzere ku esiteti. Kapitawo anamuyang'ana, namuzindikira, namwetulira.

"Adalaivala, mwabwera? Dengu lanu lija tinakusungirani."

Jailos anawerama, nalikoleka kumsana.

Phunziro: Galimoto yakale ya tebo ikafooka, yambani ndi zotchipa zimene zimaiteteza: mafyuluta atsopano, oyilo wabwino, mapaipi osataya mpweya, ndi kuilola kuzizira musanathimitse. Kuchotsa fyuluta ndi kupotokola pampu kumapatsa mphamvu za masiku ochepa n'kupha injini. Malangizo oona musawakane chifukwa chodana ndi wowanena, ndipo inu odziwa, musawakulunge m'mnyozo.