Masabata Atatu Ophunzitsa Apongozi

Pafakitale ina yosoka mayunifolomu a ana asukulu, chipinda chositira chinali kumapeto kwenikweni, kuseri kwa boyila yopangira nthunzi, komwe denga lamalata limatsika mpaka munthu wamtali kulikhudza ndi dzanja. Munali matebulo khumi ndi awiri, simbi zotulutsa nthunzi khumi ndi ziwiri, amayi khumi ndi awiri, ndi mafani anayi okhomedwa kukhoma. Kapitawo wawo anali mayi wina amene aliyense ankamutchula kuti Nakolala, chifukwa shati iliyonse ankayamba kuiyendera pakolala, ndipo akapeza kakhwinya ngakhale kochepa bwanji ankaibweza osayankhula kanthu.

Mafaniwo ndiwo anali nkhani. Kwa mwezi wathunthu tsopano ankangozungulira mphindi zisanu pa ola, kenako n'kuima okha ngati achita manyazi. Amayi ankasita thukuta lili kamukamu, mipango yonyowa ili m'khosi. Amene ankamudetsa nkhawa kwambiri Nakolala anali mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake wamng'ono, yemwe anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Ntchitoyo anamupezera ndi iyeyo, ndipo tebulo lake linali loyandikana ndi khoma la boyila. Chomwe chinkamupsetsa mtima Nakolala koposa n'chakuti analibe womuloza chala. Mavutowa anawaitana yekha.

Zinayamba chonchi. Eni fakitale anagula makina oganiza okha oti aziyendetsa magetsi onse apamalopo. Kunabwera injiniya, mayi wachichepere wamagalasi, amene anamangirira tizipangizo pa waya uliwonse ndi pamakoma. Anafotokoza kuti kwa masabata atatu makinawo azingoyang'ana: magetsi akupita kuti, m'chipinda mukutentha bwanji, mashati akutuluka angati. Akamaliza kuphunzira adzayamba kuyatsa ndi kuzimitsa zinthu okha, kuti magetsi asamawonongeke. Anatsindika kawiri konse kuti aliyense azigwira ntchito monga mwa masiku onse.

Nakolala anamvetsera mawuwo mutu uli pambali. Anali atagwira pafakitalepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ankadziwa kuti munthu akabwera ndi chipangizo choyezera, mapeto ake wina amanyamula kachikwama n'kupita kwawo. Anabwerapo ena ndi wotchi kudzayeza liwiro la osoka, ndipo osoka asanu anapita. Tsiku limene injiniya ankafotokozalo manijala anawonjezera nthabwala yoti tsopano ziwoneka kuti ndi chipinda chiti chimadya magetsi ngati chili ndi njoka zam'mimba. Onse anaseka, koma Nakolala anawona kuti poseka manijalayo ankayang'ana kwa iye.

Choncho anasonkhanitsa amayi ake n'kuwatsina khutu. Kwa masabata atatu fani isayatsidwe. Ketulo ibisidwe m'katoni. Wotchaja foni azikatchajira kwawo. Mababu a mzere wapawindo azimitsidwe, dzuwa lilipo. Mayi wina wolongolola, amene anzake ankamutcha Apakamwa, ndiye anawapatsa makinawo dzina. Anati awa ndi Apongozi basi, poti aliyense akukhala mwaulemu, miyendo pamodzi, osatsokomola.

Anapiriradi. Panali masiku ena otentha kwambiri moti nthunzi inkachita kudontha kuchokera kumalata, koma palibe anakhudza switchi. Mwinanso chifukwa cha mantha, mashati anatuluka ambiri kuposa kale. Masabata atatu atatha, chipinda chositira chinalandira chipepala chowayamikira, chokhala ndi chithunzi cha tsamba lobiriwira, ndipo manijala anachimata yekha pachitseko. Nakolala anapita kunyumba tsiku limenelo akuyenda modzimva.

M'mawa mwake kunabwera wamagetsi n'kuphimba maswitchi onse ndi timabokosi tapulasitiki totsekedwa ndi sikuluwu. Apongozi anali atatenga ulamuliro. Iwo anali atawona ndi maso awo kuti amayi a m'chipinda chino safuna mphepo, ndipo kukatentha ndi pamene manja awo amathamanga. Anawonanso kuti masana dzuwa likakhala paliwombo, masola apadenga amapereka magetsi ambiri aulere. Ndiye anasamutsa ntchito yonse yolemera, mabuleza ndi masiketi amapindo, n'kuiika kuyambira 11 koloko mpaka 2 koloko. Boyila inkalusa nthawi yomweyo. Kunena chilungamo, makinawo sanalakwitse chilichonse, ndipo n'zimene zinkanyansa kwambiri.

Nakolala anayamba ndi njira zachidule. Anatenga simbi yotentha n'kuiyandikiza pa kachipangizo koyeza kutentha, kuti Apongozi amve okha mmene zinthu zilili. Apongozi anaganiza kuti kwabuka moto. Anazimitsa simbi zonse kwa theka la ola, belu likulira, mashati n'kuunjikana mpaka pakhomo. Mafani okha sanawayatse, poopa kukoleza motowo. Apakamwa anaseka mpaka kukhala pansi.

Kenako Nakolala anapita kwa manijala. Bamboyo anamulandira bwino mu ofesi yozizira ngati m'firiji, n'kumutembenuzira kompyuta kuti awone mizere yokwera ndi yotsika. Anamuwonetsa tsiku lina la masabata atatu aja limene kunatentha kuposa lero, mafani ali chete, ntchito ikuyenda bwino lomwe. Anamufunsa mwaulemu kuti chasintha n'chiyani, matupi kapena mtima wogwira ntchito. Anawonjezera kuti makina omwewo anawaikanso kunyumba kwake, ndipo amamutenthetsera madzi osamba nthawi yeniyeni imene amadzuka, sanamulakwirepo ndi tsiku limodzi. Nakolala anafuna kumuuza kuti iye sanawanamize makina akewo kuti amakonda kusamba madzi ozizira. Koma kunena zimenezo kukanakhala kudziulula, ndiye anathokoza n'kutuluka.

Anapitako katatu. Ulendo uliwonse ankabwerako ndi mizere yomweyo m'maso ndi mkwiyo wosowa pouthira. Kunyumba ankakalipira ana pa zinthu zosamveka. Kuntchito anayamba kubweza mashati opanda vuto. Amayi aja sanamunene poyera, koma akalowa nkhani zinkaduka, ndipo ankamva maso awo kumsana.

Lachitatu lina masana, mlamu wake anaimika simbi n'kugwira m'mphepete mwa tebulo. Anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pasimenti, nkhope itatuwa. Nakolala anathamangirako n'kumuvula nsapato, ndipo anapeza mapazi atatupa moti zingwe za nsapato zinali zitasiya mizere yakuya. Apakamwa ankamukupiza ndi katoni ya mashati. Pamwamba pawo penipeni fani inali itaima duu, switchi yake ili m'kabokosi. Mlamuyo atatsegula maso, choyamba kupempha chinali chakuti asamulembe kuti wadwala, angoti anapita kokataya madzi.

Nakolala sanavule n'komwe epuloni. Anadziwa kuti injiniya uja wabwera tsiku limenelo kudzawona ngati zonse zikuyenda, ndipo anamupeza mu ofesi ya manijala, onse akuyang'ana pakompyuta mokhutira. Analowa osagogoda.

"Bwana, makina anuwa tinawanamiza," anatero. "Masabata atatu aja ndine ndinaletsa mafani. Tinkapsa ngati mmene tikupseramu, koma tinkaopa. Amayiwo alibe mlandu, anangomvera ine."

Injiniya anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanakalipe, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. "Mayi, ndinakupemphani kawiri kuti muzichita monga mwa masiku onse."

"Munatero. Koma masiku onse athu, mukatiyeza wina amachotsedwa."

Injiniya anafotokoza kuti makinawo sanabwere kudzagwira munthu. Iwo amangotenga zimene awonetsedwa n'kuziyesa zoona, sadziwa za mantha kapena ulemu. Nakolala anamupempha kuti angodina penapake mafaniwo ayake lero lomwe. Mayiyo anati angathe kuwayatsa lero, inde, koma boyila, simbi ndi ndandanda yonse ya ntchito zinamangidwa pa bodza lomwelo. Njira yabwino inali kufufuta zonse zimene makina anaphunzira za chipindacho, kuchotsa timabokosi tija, n'kuyambiranso masabata ena atatu, nthawi ino moona.

Manijala nthawi yonseyi ankangogogoda tebulo ndi cholembera. Iye anali atatumiza kale lipoti kwa eni fakitale, ataika chipinda chositira patsogolo ngati chitsanzo cha nzeru zake. Injiniya atatuluka, anamuuza Nakolala mosakweza mawu kuti chifukwa cha zaka zake pafakitalepo samuchotsa ntchito, koma kapitawo amene amaphunzitsa anthu chinyengo sangamusunge. Kuyambira Lolemba abwerere patebulo, ndipo makiyi asiye pomwepo.

Zinamuwawa, tisabise. Zaka zisanu ndi zitatu za ukapitawo zinathera pa mphindi zosakwana khumi. Komabe podutsa pachitseko cha chipinda chositira anamatula chipepala cha tsamba lobiriwira chija, n'kudziuza kuti ngati mtengo wa mphepo ndi umenewu, walipira.

Lolemba anafika molawirira. Timabokosi tinali titachotsedwa, maswitchi ali poyera. Anamupatsa tebulo lapakati, la mayi wina amene anamusamutsira kwa osoka, ndipo kapitawo watsopano, bambo wina wochokera kwa odula nsalu amene sankadziwa n'komwe kagwiridwe ka simbi, anaima pakhomo n'kuwerenga chikalata choti makina ayambanso kuphunzira ndipo aliyense agwire ntchito monga mwa masiku onse. Atamaliza anapinda pepalalo n'kupita kukakhala panja, pamthunzi.

Pofika 10 koloko malata anali atayamba kulira ndi kutentha. Nakolala ankasita uku akuponya maso kukhoma, kudikira kuti wina adzuke. Palibe anadzuka. Amayi khumi ndi mmodzi anali atazyolika pamatebulo awo, thukuta likugwera pamashati. Ngakhale Apakamwa pakamwa panali patatsekeka.

Anawauza mokweza kuti ayatse mafani, tsopano n'zololedwa, injiniya wanena yekha. Wina anayankha chapansipansi kuti ulendo wathawunso injiniya ananena yekha. Wina anati kunyumba kwake mwamuna sali pantchito. Apakamwa anamaliza nkhaniyo osatukula mutu, anati onse awona zimene zimachitikira munthu akanena zoona pano.

Nakolala anaimika simbi mwamphamvu n'kuyamba kuzungulira chipinda. Anayatsa fani yoyamba, ya pamwamba pa mlamu wake. Anayatsa yachiwiri, yachitatu, n'kuwoloka mpaka kukhoma lakutali kukayatsa yachinayi. Mphepo inayamba kutukula makolala a mashati opachikidwa, ndipo kwa kanthawi anaima pomwepo maso ali chitsinzinire, ikumuwomba kumaso.

Kumbuyo kwake kunamveka kuti thapu. Atacheuka anawona mlamu wake ataimirira chonyanyamphira, dzanja limodzi litagwira chiuno, lina likuchoka paswitchi. Fani ya pamwamba pake inali ikuchepetsa liwiro.

"Mlamu, ukutani? Zonsezi ndachitira iwe."

"Ndikudziwa, alamu." Anayankha osamuyang'ana. "Koma makinawa amadziwa kuti fani iyi ndi ya tebulo langa. Mwezi wamawa ndikupita kukachira. Akadzakhala pansi kuwona woti asabwerere, sindikufuna adzapeze kuti wamimba uja ndi amene ankadya magetsi. Inu zaka zonse zija akutsitsani. Ine ndangotha chaka chimodzi."

Nakolala anafuna kumutsimikizira kuti palibe amuchotse, koma anakumbukira kuti iye salinso kapitawo, ndipo ngakhale akanakhala, sakanalumbira. Mlamuyo anapukuta nkhope ndi mpango wonyowa, anakoka buleza ina pamulu n'kuiyala patebulo. Pakhoma pamwamba pake, kachipangizo kaja kankaphethira kuwala kobiriwira, kakuphunzira.