Mpando Sunachoke

Mvula inkawaza kuyambira m'mawa, ndiye chithunzi cha banja chinayenera kujambulidwa m'nyumba. Koma pabalaza panali pothina. Bambo wa nyumbayo anachita kutsamira khoma, kamera ili kumaso, anthu atatu osalowabe m'chithunzicho.

"Alamu, chotsani chimpandochi," anatero akulu awo a malemu mayi a m'nyumbamo. "Mwini wake anapita kale. Tizipanikizana chifukwa cha mpando wopanda munthu?"

Bambowo anangoti, "Dikirani." Anatenga ambulera, ulendo wa kusitolo ya makamera.

Wogulitsa anali wolongolola. "Bambo, lenzi yotenga malo aakulu ndi iyi! Imameza chipinda chonse, ndi denga lomwe. Vuto lake, woima kumapeto amatuluka ngati wapondedwa ndi galimoto, nkhope phwatalala, mapewa ngati chitseko. Inayi ndi yaulemu, sinyoza munthu, koma imatenga malo ochepa."

Bambowo anamanga yoyambayo pakamera, n'kumuimika wogulitsayo kumapeto, n'kujambula. Anachiyang'anitsitsa chithunzicho. Mutu wa munthuyo unali ngati dzungu.

"Yomweyi," anatero.

Atabwerera, banja lonse linakwana, mpando wa malemu uli pakati penipeni.

"Nanga ine ndiime pati, alamu?" anafunsa akulu awo a malemu aja.

"Munthu wamkulu sapanikizidwa. Kumapeto uko kuli mpweya wabwino."

Mayiwo anakonza mpango wawo, n'kukaima kumeneko monyadira, chibwano m'mwamba.

Bambowo anajambula. M'mawa mwake anakatsukitsa chithunzicho, chachikulu ndithu, n'kuchipachika moyang'anizana ndi khomo.